Dokotala amene sankafunsa kalata

Ndili mnyamata ndinaperekeza amayi aang'ono ku cipatala panjinga, ali ndi cotupa m'bere cimene anacibisa kwa zaka ziwiri. Pamene tinkafika, nthawi inali itatha kale. Nditawafunsa cifukwa cake anacedwa, anandiyankha kuti: "Mwananga, kumeneko ine akundidziwa ndani?" Mawu amenewa andibwereranso powerenga mbiri ya William Marsden, dokotala wa ku England, ndipo ndati ndikuuzeniko, abale anga.

Marsden anabadwira mumzinda wa Sheffield m'caka ca 1796. Anapita ku London ali wacinyamata, nakaphunzira nchito yocita opaleshoni pa cipatala ca St Bartholomew's, ndipo anavomerezedwa kugwira nchitoyi mu 1827. Masiku amenewo zipatala zikuluzikulu za ku London zinkayenda ndi ndalama za anthu olemera. Wodwala wosauka ankayenera kubwera ndi kalata yocokera kwa mmodzi mwa anthu amenewa kuti amugoneke. Wopanda womudziwa ankabwerera pakhomo.

Usiku wina Marsden anapeza mtsikana atagona pa masitepe a chalichi ca St Andrew's ku Holborn, atafooka ndi matenda ndi njala. Anayenda naye m'zipatala, koma konse anamukana cifukwa analibe kalata. Anamupezera yekha pogona namusamalira, koma patapita masiku owerengeka mtsikanayo anamwalira.

Nkhaniyi sinamucoke mumtima. Mu 1828 anatsegula kacipatala kakang'ono mumsewu wa Greville Street, komwe munthu ankalandiridwa cifukwa cakuti ndi wodwala ndiponso wosauka, popanda kalata kapena ndalama. Kolera itabuka mu 1832, zipatala zina zinkabweza odwala nthendayi, koma iye ankawalandira. Mu 1837, caka cimene Mfumukazi Victoria inalowa ufumu, cipatalaci cinapatsidwa dzina lakuti Royal Free Hospital.

Kenako tsoka linalowa m'nyumba mwake. Mu 1846 mkazi wake, Elizabeth Ann, anamwalira ndi khansa, imene pa Cipwitikizi timati cancro. Dokotala amene anathandiza anthu ambirimbiri analephera kupulumutsa wa kunyumba kwake. Sitingamuimbe mlandu. Nthawi imeneyo madokotala sankadziwa gwero la khansa. Mankhwala ogonetsa munthu pomucita opaleshoni anayamba kufala m'ma 1846 ndi 1847, ndipo njira ya Joseph Lister yotetezera mabala kuti asaole inalengezedwa mu 1867. Ambiri amene ankadulidwa cotupa ankafa ndi bala, ena cotupa cinkabwereranso. Motero zipatala zambiri sizinkafuna kutaya bedi pa munthu amene zinkamuona ngati wosacira.

Marsden anaganiza kuti ngati nthendayi siikudziwika, odwala ake asonkhanitsidwe pamalo amodzi, asamalidwe mwaulere, ndipo madokotala aziona, kulemba ndi kuyerekeza mitundu ya zotupa kufikira ataimvetsa. Mu 1851 anatsegula Free Cancer Hospital ku Cannon Row, dera la Westminster. Mothandizidwa ndi mayi wina wacuma, Angela Burdett-Coutts, anamanga nyumba yaikulu mumsewu wa Fulham Road, imene inatsegulidwa mu 1862. Mwana wake Alexander nayenso anagwira nchito ya udokotala komweko. Marsden anamwalira mu Januwale 1867, ndipo mu 1954 cipatalaci cinachedwa Royal Marsden pomukumbukira. Mpaka lero cikugwirabe nchito.

Marsden sanapeze mankhwala a khansa, ndipo ambiri mwa odwala ake anamwalira. Ine ndimamulemekeza cifukwa anaona kuti munthu angafe ndi zinthu ziwiri, nthenda ndi citseko cotseka, ndipo anayamba ndi cimene akanatha kucisintha.

Amayi aang'ono aja sanabwezedwe ndi munthu aliyense. Anadzibweza okha, poganiza kuti cipatala ndi ca anthu odziwika. Lero madokotala akudziwa zimene Marsden sankazidziwa, ndipo khansa ya m'bere ndi ya khomo la ciberekero zikapezeka msanga, ambiri amacira. Conco mlongo wanu kapena amayi anu akakuuzani za cotupa, kapena za magazi otuluka nthawi yosayenera, musadikire kuti mukolole kaye. Tengani njinga muwaperekeze sabata yomweyo.