Mmene nyumba za ku Dedza zinaphunzirira kupuma

Akafula amene anajambula zithunzi m'mapanga a Chongoni sankavutika ndi mpweya, poti phanga lilibe chitseko. Achewa ndi Angoni nawo nyumba zawo zozungulira zinalibe mawindo. Utsi unkadzipezera njira mu udzu wa padenga, mwaye n'kumateteza mitengo ku tizilombo.

Ansembe a White Fathers atafika ku Mua mu 1902 anamanga ndi njerwa, makoma aatali ndi makonde otambalala, pothawa kutentha kwa kunsi kwa phiri. Ambiri amati luso lolowetsa mphepo m'nyumba linayambira pamenepo. Ulemu umenewo ngwopitirira muyeso. Ku Bembeke, kumene ansembewo anatsegula mishoni mu 1910, vuto silinali kutentha ayi, linali chisanu.

Chimene chinasinthadi zinthu ndi malata. Amuna obwera kuchokera ku Joni ndi ku Harare ankafuna kuti mudzi wonse uone thukuta lawo likunyezimira padenga. Koma lata silipuma. Masana limawotcha, usiku wozizira limachita thukuta n'kumadonthezera pamphasa, ndipo utsi umasowa kolowera. Apa mmisiri wa kumudzi, yemwe dzina lake silinalembedwe m'buku lililonse, anayamba kusiya timabowo pamwamba pa zenera ndi pansi pa denga. Mpweya wotentha umakwera, choncho bowo likakhala m'mwamba umatulukira pomwepo, wozizira n'kulowera m'munsi. Bowolo sanalisiye lamaliseche. Wina ankapendeketsa njerwa, wina ankasanja timabowo ngati mtanda kapena makona atatu, mpaka maventi asimenti amaluwamaluwa anadzafika m'masukulu ndi m'matchalitchi. Woyenda mumsewu wa M1 akhoza kuzindikira dzanja la mmisiri mmodzi pa nyumba zingapo zotsatizana. Nyumba isanapakidwe n'komwe laimu, inali itavala kale mkanda wake.

Tsono tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi mwera suchita chibwana. Maventi okongola aja amatsekedwa ndi nsanza, mapepala kapena matumba a feteleza, mbaula yamakala n'kulowa kuchipinda. Makala oyaka m'chipinda chotsekedwa amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, umene umagwira anthu ali m'tulo. Omanga ndi mabuloko asimenti lero ayenera kuika maventi ku khoma losayang'ana kumwera, n'kuwatchinga ndi waya wa udzudzu, kuti eni nyumba asaone chifukwa chowatsekera.