Kodi ana a ku Chanco ndi osokonezadi?

Munthu akatchula "ana a ku Chanco" mumzinda wa Zomba, ambiri amaona m'maganizo wachinyamata wodzimva, wokonda mowa, amene akapsa mtima amatseka msewu ndi miyala mpaka apolisi athire utsi wokhetsa misozi. Mbiri yotereyi ili ndi pomwe inachokera, koma tikatsata zaka za sukuluyi tipeza kuti zimene anthu amati ndi chibadwa cha ophunzira zakhala zikusintha molingana ndi ndale za dziko.

Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre ndi ophunzira osakwana 100, ndipo Chancellor College, yomwe ndi Chanco, inasamukira ku Chirunga mumzinda wa Zomba mu 1973. Patangopita zaka ziwiri likulu la dziko linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, choncho m'tauni yaing'ono imeneyi ophunzira anasanduka gulu loonekera kwambiri. Anali ochepa, osankhidwa m'dziko lonse, ndipo boma linkawadyetsa, kuwagoneka ndi kuwapatsa kandalama ka m'thumba. Mwana wa mlimi akamayankhula Chingerezi pamsika, wogulitsa tomato sakanalephera kumuona ngati wodzikweza. Apa ndi pamene panamera dzina la kunyada. Koma la kusokoneza panalibe, chifukwa nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwenso anali mkulu wa yunivesiteyi, akazitape ankakhala m'kalasi momwemo. Gulu la alembi la Writers Group, lomwe linayamba mu 1970, linkabisa zodandaula zake m'mafanizo ndi m'nthano. Mphunzitsi Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 nakhala ku ndende ya Mikuyu, kufupi ndi kolejiyo, mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ophunzira a zaka zimenezo ankadziwika ndi manong'onong'o.

Phokoso linabuka mu Malichi 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Akuluakulu ambiri atazizidwa nkhongono, ophunzira a ku Chirunga anatuluka kukaguba poyera kugwirizana ndi kalatayo, ndipo koleji inatsekedwa. Pofika pa 14 Juni 1993, Amalawi atasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu, kuguba kuja kunkatchedwa kulimba mtima. Kuyambira pamenepo ophunzira anaphunzira kuti boma limamva msanga anthu akakhala mumsewu kusiyana ndi akalemba kalata, ndipo mtengo wake unali wowawa: mu Disembala 2001 wophunzira Fanikiso Phiri anafa ataomberedwa ndi apolisi pa zionetsero. Ngakhale mpungwepungwe wa 2011, umene unaimitsa maphunziro kwa miyezi yambiri, sunayambe ndi ophunzira. Unayamba mkulu wa apolisi Peter Mukhito ataitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga kuti afotokoze zimene ananena m'kalasi, ndipo aphunzitsi ndi amene ananyanyala. Komabe m'kamwa mwa anthu munatsala mawu akuti ku Chanco sikutha chaka osatseka.

Wina anganene kuti mbiri yonseyi siyibweza galasi la galimoto loswedwa kapena katundu wa mavenda wotayika pa chipwirikiti, ndiponso kuti zionetsero zina zakhala za fizi ndi ndalama za ngongole, zopanda ulemerero wa 1992. Izi n'zoona, ndipo wophwanya chinthu cha mwini ayenera kuyankha mlandu ngakhale atakhala ndi digiri. Koma mwambi wakuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola umanena za mmene anthu amaweruzira, sunena kuti chiweruzocho n'cholungama. Oponya miyala amajambulidwa m'nyuzipepala, pamene anzawo ochuluka amene ali m'laibulale kapena akusinkhasinkha za lendi ya kachipinda ku Chikanda palibe amene amawawerenga. Wophunzira wa lero sadyetsedwanso ndi boma ngati wa 1975, ndipo kulira kwake pa fizi ndi kulira kwa kholo lake lomwe lagulitsa chimanga ndi mbuzi.

Chancellor College inasanduka University of Malawi payokha mu 2021, koma dzina la Chanco ndi mbiri yake sizinachoke. Ngati dziko likufuna ophunzira ofatsa, liyambe layankha madandaulo awo asanafike pamsewu, popeza njira ya kumsewuyo dziko lomweli linaiombera m'manja mu 1992.