Cifanizo ca Lavigerie ku Tunis

Abale, ambiri a ife tiwadziwa Abambo Oyera, amene anafika kwa Mponda m'caka ca 1889, namanga pa Mua m'caka ca 1902. Amene anayamba gulu lao mu 1868 ndiye Kardinala Lavigerie, Mfaransa, yemwe anayendayenda m'midzi yaikuru ya ku Ulaya mu 1888 kudzudzula malonda a akapolo.

Iye anamwalira mu 1892. Pofika 1925, zitapita zaka 100 cibadwire iye, Afaransa anamuimikira cifanizo ku Tunis, kumpoto kwa Afrika, cokweza mtanda m'dzanja, pa cipata colowera ku mudzi wakale wa Asilamu. Dzikolo linali m'manja mwa France kuyambira 1881, ndipo Lavigerie mwini anathandiza kulimbitsa ulamulirowo. Cifukwa cace eni dziko sanaone womenyera akapolo nkhondo ai. Anaona mtanda wa owagonjetsa uli ciriri pakhomo pao. Ophunzira a pa mzikiti wa Zitouna anaturuka m'makwalala kucikana, koma boma silinawamvere. Cinaima pomwepo kufikira Tunisia analandira ufulu mu 1956, pamenepo cinacotsedwa.

Ifenso Asilamu tiri nao pafupi. Titunga nao pa citsime cimodzi, tilira nao maliro. Tikumbuke tsono kuti mtanda woimikidwa ndi mphamvu ya boma ucoka pamodzi ndi bomalo. Koma mpingo wa pa Mua ulipobe lero, pakuti unabzalidwa mwa kuphunzitsa ana ndi kusamala akhate.