Nyumba za m'minda ya tiyi ku Thyolo: mbiri yake ndi ya yani?

Mu 2023 esiteti ya Satemwa ku Thyolo inakwanitsa zaka 100, ndipo mu 2028 nyumba yake yotchuka ija, Huntingdon House, nayo idzafika msinkhu womwewo. Zithunzi za nyumbayi zikangoikidwa pa Facebook, ndemanga zake zimakhala ziwiri. Ena amati ndi England weniweni amene anatera pakati pa tiyi. Ena amati izo ndi za azungu, ife sizikutikhudza. Ine onsewa ndimawatsutsa.

Mbewu ya tiyi inayesedwa koyamba ku Blantyre Mission mu 1878. Henry Brown anaidzala ku Mulanje mu 1891, ndipo ku Thyolo, kumene atsamunda ankalemba kuti Cholo, inafika mu 1908 pa esiteti ya Bandanga. Pofika nthawiyo malo anali atapita kale, chifukwa m'zaka za 1890 Harry Johnston anapereka zikalata za umwini kwa azungu amene ankati anagula nthaka kwa mafumu.

Maclean Kay, amene anayambitsa Satemwa mu 1923, sanali Mngelezi. Anali wa ku Scotland, ndipo asanabwere kuno ankagwira ntchito m'minda ya labala ku Malaya. Kamangidwe ka nyumba za m'maesiteti kamachitira umboni ulendo wotere. Nyumba zazikulu za kumidzi ya ku England zimakhala zosanjikizana, zomangidwa kuti zisunge kutentha. Zathuzi ndi zapansi, zotambalala, denga lili patali ndi mutu kuti mphepo izizungulira, ndipo khonde lake ndi lalikulu moti banja lonse limatha tsiku lili pomwepo. Kamangidwe aka Angelezi anakaphunzira ku India, ndipo ngakhale dzina loti bungalow linachokera ku Bengal. Thyolo anawonjezerapo chake. Chiperoni chikatsika m'mwezi wa June, nkhungu n'kuphimba mizere ya tiyi, munthu amamvetsa chifukwa chake m'nyumbazi muli malo osonkhapo moto ndi chumuni. Ku Huntingdon, zipinda zisanu zimene alendo amagonamo masiku ano zikadali ndi mayina a ntchito zake zakale, monga cha mayi, cha bambo, cha ana ndi chopemphereramo.

Tsono njerwa anaumba ndani? Anaotcha uvuni, kucheka matabwa ndi kusenza mchenga ndi Amang'anja a konkuno pamodzi ndi Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi. Ambiri mwa anthu okhala m'maesiteti a chigawo chino ankalipira malo ndi thukuta, pa lamulo la thangata. Mkwiyo wa nthaka ndi wa chitaganya unaphulika ku Thyolo mu August 1953, n'kufalikira m'maboma oyandikana, ndipo anthu 11 anafa. Thangata anatha mu 1962. Choncho m'khoma lililonse lakale la m'maesiteti muli dzanja la agogo a wina wake wa ku Bvumbwe, ku Luchenza kapena ku Thekerani. Kunena kuti sizikutikhudza n'kukana ntchito ya makolo athu.

Lamulo loteteza zinthu zakale tili nalo, Monuments and Relics Act ya 1990. Pa mndandanda wa zotetezedwa pali Mandala House ya 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinatha kumangidwa mu 1891, komanso Mwala wa Mthunzi wa ku Thyolo konkuno. Koma kunena zoona, nyumba ya pa esiteti imakhala ndi moyo mwini wake akaona kuti ikhoza kudzilipira yokha. Huntingdon inapulumuka chifukwa banja la Kay lidakalipo ndipo linaisandutsa malo ogona alendo. Kumene umwini wasinthasintha, nyumba imaoneka ngati katundu wongodya ndalama. A ku England anadutsamo momwemu. Ngakhale anali ndi bungwe la National Trust kuyambira 1895 ndi mndandanda wa nyumba zotetezedwa kuchokera m'zaka za 1940, mazana a nyumba zawo zazikulu anagwetsedwa m'zaka za 1950. Mu 2020 bungwe lomwelo linatulutsa lipoti losonyeza kuti malo ake 93 ali ndi chiyanjano ndi ukapolo kapena utsamunda. Sanagwetse nyumbazo. Anayamba kufotokoza mbiri yonse.

Ife mbiri yonseyo sitinaifotokoze, ndipo zotsatira zake tinaziona. Mu September 2016 anthu a m'midzi, makasu ali m'manja, analowa m'malo a esiteti ina ku Thyolo kuti agawane. Apolisi anawabalalitsa, ena anamangidwa, mtsogoleri wawo anakaonekera kukhoti. Gululo linkafuna kuti eni maesiteti alipire nthaka kuyambira 1914, komanso malipiro a thangata wa makolo awo. Chaka chotsatira linafika polengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko palokha. Ambiri m'tauni anaseka. Koma amene anafikako ku midzi yopanikizika m'mphepete mwa tiyi, kumene banja limalima kamunda kosakwana n'theka la ekala, kapena anaona mmene nkhalango ya paphiri la Thyolo inathera, sangaseke. Munthu wosowa polima ungamuuze bwanji kuti asamale khonde la bwana, pamene dzina la agogo ake amene analimanga silinalembedwe pakhoma lililonse? Chimene chinalakwika ndi chimenecho: tinasiya mbiri ya nyumbazi m'timabuku tokopa alendo, ndipo ya makomboni a antchito tinaisiya m'kamwa mwa okalamba.

Chaka china ndinaima pa nyumba yakale ya manijala pa esiteti ina. Malata anali atachoka theka, mafelemu a zitseko atazulidwa, chiswe chitakwera mpaka ku mitanda. Pa njerwa imodzi imene inagwa pansi panali chidindo cha zala zitatu za woumba, chooneka bwinobwino. Chapafupi pankadutsa amayi othyola tiyi, madengu kumsana, osacheuka n'komwe.

Pempho langa likupita kwa eni maesiteti, mafumu, aphunzitsi a mbiri ndi ophunzira a pa yunivesite ya MUST imene ili ku Thyolo komweko. Chaka cha 2028 chisanafike, nyumbazi ziwerengedwe ndi kujambulidwa, pamodzi ndi mafakitale akale ndi mizere ya makomboni. Ndipo pitani ndi foni zanu kwa agogo amene anabadwa thangata asanathe, muwafunse mayina a amisiri aja. Wamng'ono mwa agogo amenewa wapitirira kale zaka 60.