Mbiri Yosungidwa M'matope

Ambirife tikamva mawu oti mbiri yakale timaganiza za mafumu, nkhondo ndi kusamuka kwa mitundu ya anthu. Ine ndikufuna ndikambe za kanyama ka m'nyanja zamchere kamene m'Chingerezi amati starfish. Kanyamaka si nsomba ayi. Kali ndi manja, kawirikawiri asanu, otambasuka ngati nyenyezi, choncho ndizikatchula kuti nyenyezi ya m'nyanja.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi momwe mbiri yake idatipezera. Thupi la nyenyezi ya m'nyanja ndi timafupa tambirimbiri togwirizanitsidwa ndi mnofu. Ikafa imfa wamba, mnofu umawola ndipo timafupato timamwazika ngati mikanda yoti ulusi waduka. Yokhayo imene matope adaikwirira mwadzidzidzi ndiyo idasanduka mwala ili yathunthu. Mboni zathu, tsono, ndi zija zidagwa m'ngozi.

Imodzi mwa mboni zakale zedi idapezeka ku Morocco, m'miyala ya Fezouata pafupi ndi tauni ya Zagora. Lero deralo ndi louma, koma zaka 480 miliyoni zapitazo lidali pansi pa nyanja. M'chaka cha 2021, akatswiri awiri, Aaron Hunter ndi Javier Ortega-Hernández, adafalitsa zimene adapeza pa kanyama ka m'miyalayi ndipo adakatcha Cantabrigiaster fezouataensis. Maonekedwe a nyenyezi kadali nawo kale, koma manja ake adali ngati nthenga, ndipo ziwalo zambiri za nyenyezi zamakono kadalibe. Kamangidwe ka manjawo kakuonetsa ubale ndi ma crinoid, tinyama tokhala ngati maluwa tomwe tambiri timamatirira pansi pa nyanja.

Mboni zina zidatuluka ku Bundenbach m'dziko la Germany, komwe anthu ankakumba miyala yofolera nyumba. Posema miyalayo ankapezamo nyenyezi za zaka pafupifupi 400 miliyoni, manja ali chipindikire monga momwe matope adazipezera.

Komatu mitundu yakaleyi idatha. Zaka 252 miliyoni zapitazo, chiphalaphala chochuluka chidaphulika m'dera limene lero ndi Siberia. Dziko lidatentha, mpweya wabwino m'madzi udachepa, ndipo mitundu yambiri ya zamoyo za m'nyanja idafafanizika. Akatswiri ambiri amati mitundu pafupifupi 1,900 ya nyenyezi imene ilipo lero idachokera kwa zochepa zimene zidapulumuka. Trichasteropsis, ya zaka pafupifupi 240 miliyoni, yopezekanso ku Germany, ndi imodzi mwa zoyambirira za banja latsopanoli.

Apa ndimatolapo chenjezo kwa ife olemba mbiri. Miyanda ya nyenyezi idakhala ndi kufa mwamtendere osasiya chizindikiro. Zimene timawerenga m'miyala ndi za masiku ochepa a namondwe. Ndi chifukwa chake miyala ya ku Zagora idakwanira kuti akatswiri aunikenso chiyambi cha banja lonse.