Mmene anthu a ku Nyasaland anazolowerera moyo wa ku Southern Rhodesia

Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, pamene boma la atsamunda linakhazikitsa msonkho wa nyumba ku Nyasaland, amuna ambiri anayamba kulowera kummwera kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, chifukwa malipiro a m'migodi ndi m'mafamu a kumeneko ankaposa a m'minda ya azungu ya ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ambiri ankayenda wapansi kwa masabata angapo, kudzera ku Tete ndi kuwoloka Zambezi, ndipo ankayenda m'magulu poopa zilombo komanso pozemba olemba anthu ntchito a bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, amene ankamanga munthu pa chibalo, ndiko kuti ntchito ya mgwirizano wautali ndi malipiro ochepa imene munthu sankatha kuisiya pamene wafunira. Komiti imene boma linakhazikitsa mu 1935 motsogozedwa ndi Travers Lacey inayerekeza kuti anthu a ku Nyasaland pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ena mwa iwo anali atasanduka kale matchona, anthu amene anakhalitsa kuchilendo mpaka kwawo kuleka kuwayembekezera.

Zinthu zoyamba kuzolowera sizinali miyambo ya eni nthaka koma malamulo a mzungu. Mlendo ankayenera kuyenda ndi chitupa nthawi zonse, ankagona mu komboni ya pamgodi kapena pafamu, ndipo tsiku la ntchito linkawerengedwa pokhapokha kapitao akalemba pa tikiti, kotero kuti mwezi wa malipiro unkatalika kuposa mwezi wa pa kalendala. Pa chakudya panalibe chovuta kwenikweni, popeza sadza ya Ashona ndi nsima yomweyo, ngakhale kuti ufa wa pa komboni unali mgaiwa wokhakhala ndipo ndiwo zinkaperekedwa mopimira. Pantchito ankalankhula Chilapalapa, chiyankhulo chosakaniza chimene azungu ankalamulira nacho antchito, koma kumsika ndi kumowa ankaphunzira Chishona kapena Chindebele, ndipo m'mafamu ena kumene alendowa anachuluka Chinyanja ndicho chinakhala chiyankhulo cha komboni yonse. Kuzolowera sikunatanthauze kugonja, pakuti sitalaka ya pa mgodi wa Shamva mu 1927 inatsogoleredwa ndi anthu a ku Nyasaland.

Pamene mwambo unapindika kwambiri ndi pa ukwati. Mchewa, Mmang'anja kapena Myao anachokera kumene mwamuna amakakhala chikamwini kwa akazi, ana amakhala a kuchikazi ndipo amene amawayang'anira ndi malume awo, koma kwa Ashona mwamuna amapereka roora, chuma cha ng'ombe kapena ndalama chimene chimasamutsira mkazi ndi ana ku banja la mwamunayo. Popeza akazi ochokera kumudzi anali ochepa, makamaka m'zaka zoyambirira, ambiri anakwatira akazi a komweko ndipo anaphunzira kulowola, chinthu chimene kwa Atumbuka, Angoni a kumpoto ndi Asena sichinali chachilendo. Chovuta chinali chakuti Ashona safunsa chuma chokha, amafunsanso mutupo, chizindikiro cha fuko chimene nthawi zambiri chimakhala nyama ndipo chimasonyeza amene angakwatirane ndi amene ali pachibale. Makolo ambiri ankawiringula kupereka mwana wawo kwa munthu amene mudzi wake sadaupondemo, poopa kuti tsiku lina adzathawa kapena adzamwalira popanda m'bale womuika, ndipo pofuna kuthetsa vutoli alendo ena anadzitengera mitupo ya Chishona, ena n'kupeza mkulu wa kwawo pa komboni woti aime ngati nkhoswe. Ana obadwa m'maukwati amenewa anagwera pakati, chifukwa kwa amayi awo ankawerengedwa a kwa bambo, pamene kumudzi kwa bambo awo mwambo unkawawerenga a kwa mayi, ndipo ndi chifukwa chake ambiri a iwo analibe malo olima ku mbali zonse ziwiri.

Pa maliro, pa chipembedzo ndi pa magule, alendowa sanalole kusintha. Anakhazikitsa mabungwe a maliro, momwe aliyense ankasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kuti mnzawo akamwalira apeze bokosi, nsalu ndi anthu omulira m'chiyankhulo chake. Gule wamkulu anazika mizu m'migodi, m'mafamu ndi m'malokeshoni a Salisbury, mzinda womwe lero ndi Harare, monga Mbare ndi Mufakose, ndipo Ashona, amene ankamuopa ndi kumukonda nthawi imodzi, anamutcha zvigure. Ayao anabweretsa beni ndi jando ndiponso anamanga mizikiti, pamene Akhristu anatsatiridwa ndi mbusa T.C.B. Vlok wa mishoni ya Nkhoma, yemwe anasamukira ku Salisbury mu 1912, ndipo ntchito yakeyo ndiyo inabala sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP. N'zomveka kunena kuti mabungwe amenewa ndi amene anagwira ntchito ya mudzi ndi ya mfumu kwa anthu amene analibe mudzi.

Kusowa mudziko kunadzaonekera poyera patapita mibadwo iwiri kapena itatu. Kulandidwa kwa mafamu a azungu kuyambira mu 2000 kunasiya zidzukulu za matchona zopanda ntchito ndi pogona, kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunachititsa kuti ambiri obadwira m'dzikomo alembedwe ngati alendo pa ziphaso zawo, ndipo pamene nyumba za m'matauni zinkagwetsedwa pa Operation Murambatsvina mu 2005, anthu ankauzidwa kubwerera kumidzi imene iwo analibe. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikolo amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, ndipo anaikanso Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma.