Khoma n'la Eni, Nsalu ndi Yathu

Aliyense amene analowapo m'nyumba ya lendi pa Nsaru, pa Mpingu kapena pa Namitete akudziwa kuti chimene chimayamba kumulonjera pabalaza ndi nsalu ya pakhoma. Pena chimakhala chitenje chokhomedwa ndi misomali inayi, pena chinsalu chochindikala chaubweya chokhala ndi chithunzi cha Mgonero wa Ambuye, mzikiti wa ku Makka kapena mbalame ya pikoko. Ambirife timangoti n'zokongoletsa basi. Komatu chizolowezichi chili ndi mbiri yake, ndipo ndi mbiri ya anthu amene anayamba kugona m'nyumba zomwe sanamange okha.

Makolo athu a kwa Kabudula ndi kwa Kalolo sankapachika nsalu pakhoma. Akanaitenga kuti? Chiwondo chosulidwa kuchokera ku khungwa la mombo chinali cha m'chiuno, ndipo nsalu za amalonda zitafika zinali chuma chosungira ukwati ndi maliro. Kukongoletsa nyumba inali ntchito ya dothi ndi manja a mayi. Mvula ikatha amayi ankapita kudambo kukakumba mtsiro, n'kuzira pansi, n'kusalaza ndi nkhulungo mpaka pang'anime. Khoma ankalipaka katondo, m'munsi n'kudutsitsamo mzere wa dothi lakuda, ena n'kuwonjezera phulusa loyera. Tisaiwale kuti pa mwambo wa chikamwini nyumbayo inkamangidwa pamudzi pa mkazi. Mayi ankazira khoma lakelake, podziwa kuti chaka chamawa adzaliziranso.

Zinthu zinayamba kusintha pamene ndalama ndi ntchito zolembedwa zinafika m'derali. M'zaka za m'ma 1920 mzungu wina dzina lake A.F. Barron anakhazikika pa Mbabzi n'kuyamba kufalitsa ulimi wa fodya wochiza ndi utsi m'midzi yozungulira. Fodya anabala misika, misika inabala timasitolo. Ansembe achikatolika anatsegula mishoni ya Nambuma mu 1928, boma linayambitsa malo ofufuzira za ulimi pa Chitedze mu 1948, ndipo masisitere ochokera ku Luxembourg anatsegula chipatala cha St Gabriel ku Namitete mu 1959. Pambuyo pake kunabwera misika ya ADMARC, ndipo mu 1975 likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe. Malo onsewa anakoka aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi, apolisi ndi makalaliki ochokera ku maboma ena. Nyumba za pantchito zitachepa, eni magolosale anayamba kumanga midadada ya zipinda kuseri kwa masitolo awo.

Apa m'pamene panabadwira vuto lomwe mayi wa kumudzi sankalidziwa. Walendi ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Angagule bwanji penti wopaka khoma la mwini, pamene kalata yomusamutsa ingathe kufika mwezi wamawa? Ngakhale atafuna, eni nyumba ambiri salola. Chonsecho makoma enawo ndi a njerwa zosapaka pulasitala, odzaza ndi ming'alu, mizere ya chiswe ndi mwaye wosiyidwa ndi amene anatulukamo. Osauka anayamba ndi mapepala. Masamba a Boma Lathu, Odini ndi Malawi News ankamatidwa ndi phala, ndipo kalendala ya ku Likuni inkakhalabe pakhoma chaka chake chitapita kalekale chifukwa cha chithunzi. Ana ambiri anaphunzira kuwerenga atagona chagada, akuyang'ana khoma. Koma pepala lomata silisamuka nawe.

Zinsalu zochindikala zija zinadziwika kwambiri ndi anthu obwerera ku Joni ndi ku Halale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ambiri kudzera ku Wenela. Pobwera ankanyamula bokosi lachitsulo, bulangete, wailesi, njinga, ndipo ena osaiwala nsalu ya pakhoma, yomwe inkauza mlendo aliyense kuti mwini nyumba ino anayendapo. Njira imeneyi inaduka mwadzidzidzi ndege ya Wenela itagwa ku Francistown pa 4 Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74, pakuti Kamuzu analetsa kulemba anthu. Inatsegukanso mu 1977 pansi pa TEBA, n'kudzatsekedwa mu 1988.

Amene analibe mbale ku Joni anapulumukira ku chitenje. Fakitale ya David Whitehead itayamba kupanga nsalu ku Blantyre mu 1967, chitenje chinafika pa mtengo womwe mphunzitsi wa pulayimale akanaukwanitsa. Kunena zoona, palibe katundu wina m'nyumba ya lendi amene amagwira ntchito zambiri ngati chitenje. Chimabisa mng'alu, chimakhala katani pawindo, ndipo chikapachikidwa pa waya pakati pa chipinda chimagawa balaza ndi kuchipinda, kuti ulemu pakati pa makolo ndi ana usathe ngakhale chitseko chili chimodzi. Kuipa kwake n'kwakuti kuseri kwake kumabisala mphemvu ndi nsikidzi, ndipo koloboyi akayandikira, moto sukhalira kubuka.

Chitenje chimalankhulanso. Cha nkhope ya Kamuzu, chomwe mbumba inkavinira, chikapachikidwa pabalaza chinkatsimikizira a Youth League kuti muno mulibe woukira. Cha Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anabwera mu Meyi 1989, chinakhalitsa m'makomo a Akatolika. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 chigawo chapakati chinavotera tambala wakuda, choncho wantchito wobwera amene mtima wake unali ku nyali, kapena amene mu 1994 anali ndi nsalu yachikasu ya UDF, ankayamba waganiza kawiri asanaikhome pakhoma la mwini wa Kongeresi. Yambiri inkathera pansi pa sutikesi.

Ku Ulaya nako, mafumu akale ankayenda ndi nsalu zoluka za pakhoma posamuka kuchoka ku nyumba ina kupita ku ina, zomwe zinkatchinga mphepo ya m'makoma amiyala. Zathu zino n'zotsika mtengo, ndipo kuyambira m'ma 1990 zambiri zimachokera pa kaunjika ndi m'masitolo a katundu wa ku China, koma kayendedwe kake n'komweko. Tsiku losamuka, ngolo ya ng'ombe ikaima pakhomo, nsalu ija imatsika pakhoma n'kukulunga mbale, makapu ndi galasi loonera kuti zisasweke pa msewu wopita kwa Kabudula. Mwini nyumba amalowa pambuyo kudzawerenga mabowo a misomali, ndipo nthawi zambiri mkangano wotsiriza wa lendi umayambira pamenepo.